Kilombero yemweyo ku Mtakataka akudzaza matumba, ku Bembeke mphwepwa zokhazokha: vuto lili pati?

Wakumtunda_Bembeke

Akuluakulu odziwa za mpunga, tithandizeni nzeru. Kuno ku Bembeke kuli dambo losauma msanga, madzi amakhalamo mpaka Juni. Kagulu ka alimi kakhala kakuyesamo Kilombero kwa zaka ziwiri, mbewu yake yogula kwa alimi a ku Mtakataka. Kufesa pa nazale kumachitika kumapeto kwa Disembala, kuwokera kumapeto kwa Januwale, feteleza thumba limodzi la NPK ndi limodzi la yureya pa ekala. Mmera umakula mosiririka, wobiriwira bii, wautali kupitirira m'chiuno. Koma umachedwa kumasula mpaka kumapeto kwa Epulo ngakhale Meyi, ndipo ngala zambiri zimangoima chilili, sizizolika. Popeta mphwepwa zimachuluka kuposa mpunga, pa ekala pamatuluka matumba 5 kapena 6 osapuntha, pamene eni mbewu kumunsiko amati amapitirira 20. Kodi ndi nthaka, ndi mbewu yosakanikira, kapena feteleza akuchepa? Ena akuti chaka chino tiwonjezere yureya.

Mlangizi_Wopuma

Achimwene, yureyayo musawonjezere, mungotaya ndalama. Zomwe mwafotokozazi, mmera wokongola koma ngala zoima chilili, ndi chizindikiro cha kuzizira pa nthawi imene mpunga uli ndi mimba, ngala ikadali m'kati. Nthaka ikadakhala yoipa mukadaonera pa masamba kalekale.

Yambani mwaganizira kutalika kwa malo. Dedza boma ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo Bembeke ali m'mwamba momwemo. Mtakataka ndi Golomoti ali pa mamita 500 ndi pang'ono, pafupi ndi mlingo wa nyanja ya Malawi. Mpweya umazizira ndi madigiri oposa pang'ono theka pa mamita 100 alionse amene mwakwera, kotero pakati pa dambo lanulo ndi sikimu ya ulimi wothirira ya Bwanje kumunsiko pali kusiyana kwa madigiri 6 kapena 7, usana ndi usiku womwe. Amene watsikapo msewu wa Khwekhwelere m'mawa amadziwa kuti juzi amavula asanafike pa Golomoti. Kwa mbatatesi ndi kabichi kuzizirako ndi chuma. Kwa mpunga ndi njala. Wonjezeraninso kuti dambo limazizira kuposa kumtunda kwa mudzi, chifukwa usiku mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka n'kukagona m'dambo. N'chifukwa chake nkhungu mumaipeza kumeneko m'mamawa.

Mpunga umakondwa pakati pa madigiri 25 ndi 30. Pansi pa 20 umayamba ulesi: mbande zimachedwa, ana amaphuka mochedwa, masiku okhwimira amatalika. Koma zimenezo zimangochedwetsa. Chopha zokolola ndi kanthawi kochepa, masiku 10 mpaka 12 ngala isanatuluke, pamene mungu ukupangika m'kati mwa mimba. Usiku ukamatsika kufika madigiri 17 kapena kutsikirapo kwa masiku angapo otsatizana pa nthawi imeneyi, mungu umalephera kukhwima. Ngala imatuluka ndithu, makoko onse alipo, koma palibe chobereketsa. Nthawi zina ngalayo imakanikanso kutuluka yonse, theka limatsakamira m'kati. Mmera ulibe njira yobwezera zimenezi, chifukwa maluwa ake umapanga kamodzi. Kumtunda kwa Dedza usiku wa mu Epulo umakhala kale pansi pa madigiri 15, wa mu Meyi osanena. Mpunga wanu ukutenga mimba pa nthawi imene anzanu akumunsi akadali kugona osafunda.

Chachiwiri ndi khalidwe la Kilombero mwini wake, ndipo Faya ndi chimodzimodzi. Mitundu imeneyi siwerenga masiku okha, imamvera kutalika kwa usana. Kuno usana wa mu Disembala umayandikira maola 13, wa mu Juni umatsika kufika maola 11 ndi mphindi zochepa. Kilombero amadikira usana uyambe kufupika ndiye aganize zobereka. Tanthauzo lake n'lakuti ngakhale mutafesa mu Novembala, iye sathamangira kumasula mu Febuluwale, amangowonjezera masamba ndi msinkhu kudikira nthawi yake. Kumunsi zimenezi sizivuta chifukwa Epulo ndi wofunda. Kumtunda ndiye kuti mbewuyo ikudzitengera yokha m'kamwa mwa chisanu chaka ndi chaka. Fungo lake tonse timalikonda, pa msika mtengo wake ndi wina, koma malo ake ndi kunyanja: Karonga, Nkhotakota, Salima, Mtakataka ndi chigwa cha Chilwa.

Ngati kaguluko kakufunabe mpunga, njira ndi kuwerenga chobwerera m'mbuyo kuyambira tsiku lomasula. Mtundu uliwonse wa mpunga umatenga masiku pafupifupi 30 kuchokera pa kumasula kufika pa kukhwima, ndi masiku ena 30 mpaka 35 kuchokera pamene kangala kayamba kupangika m'kati kufika pa kumasula. Chimene chimasiyanitsa mtundu wofulumira ndi wochedwa ndi masiku a kumayambiriro okha, a masamba ndi ana. Kwanuko nthawi yofunda usiku ndi Disembala mpaka Febuluwale, choncho mpunga uyenera kukhala utamasula Febuluwale asanathe, kuchedwetsetsa sabata yoyamba ya Malichi. Tengani mtundu wosamvera usana, wa masiku 105 mpaka 115 kumunsi. Kwanuko udzatalikitsa ndi milungu iwiri kapena itatu, tinene kuti udzamasula pa tsiku la 95. Mukafesa pa 20 Novembala, tsiku la 95 ndi 23 Febuluwale. Mukafesa pa 28 Disembala monga mukuchitiramu, likugwera mu Epulo. Ndiye nazale ifesedwe mu Novembala mvula isanakhazikike, muzithirira ndi kheni, pakuti madzi m'dambomo muli nawo. Mbande ziwokeredwe zili ndi masamba anayi. Musawerenge masiku 21 monga akumunsi, werengani masamba, chifukwa kozizira mbande ya masiku 21 imakhala ikadali khanda.

Za dzina la mbewu, pitani kwa alangizi a dera lanu akufunsireni kwa a kafukufuku wa mpunga ku Lifuwu ku Salima. Funso likhale lachindunji: mtundu wofulumira, wosamvera kutalika kwa usana, wopirira kuzizira. Mitundu ya NERICA, imene inapangidwa pokwatitsa mpunga wa ku Africa ndi wa ku Asia, imacha msanga ndipo sifuna madzi oima, ndi yoyenera kuiyesa. Koma yesani pa kandime kakang'ono, mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi pa mtundu uliwonse, osati dambo lonse.

Pali kanzeru kamodzi kothandiza ngati ndime zanu zili ndi migula yolimba. Madzi amasunga kutentha kwa masana. Mimba ikamayamba, kangala kamakhala m'munsi, masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pa nthaka. Mukadzaza madzi kufika masentimita 15 kapena 20 pa milungu iwiri yoopsayo, kangalako kamagona m'madzi ofunda m'malo mwa mpweya wozizira. Alimi a kumpoto kwa Japan, kumene chisanu chimavutanso, amateteza mpunga wawo motero. Kuti mudziwe kuti nthawi yakwana, yang'anani tsinde lalikulu: pamene khosi la tsamba lomaliza lafika polingana ndi khosi la tsamba lapansi pake, ndiye pakati penipeni pa nthawi yoopsayo. Madziwo akhale oima, ofundidwa ndi dzuwa. Madzi a kasupe oyenda usiku wonse amaziziritsa m'malo mofunditsa.

Katondo_Ntcheu

Bambo Mlangizi, zambiri mwalasa, koma ndikuona kuti mwafulumira kugamula mlandu mboni imodzi yokha itayankhula. Ngala yoima chilili ili ndi eni ake ambiri, ndipo kumtunda kozizira, kwa nkhungu ndi mame osauma mpaka 9 koloko, ndi kwawo kwa chiwawu cha mpunga. Matendawa amakonda zinthu zitatu: usiku wozizirirapo, masamba onyowa nthawi yaitali, ndi mmera wokhuta yureya. Achimwenewa atiuza kuti akuthira thumba lathunthu la yureya pa ekala ya Kilombero ndipo mmera ndi wobiriwira bii. Zitatu zonse zakwana.

Asanasinthe kalikonse alowe m'munda mpunga ukamakhwima, azule ngala 20 kuchokera m'malo osiyanasiyana a ndime, aziyang'ane khosi, pamfundo pamene ngala yayambira. Khosi likakhala loyera bwino, lobiriwira kapena lachikasu, makoko opanda banga koma opanda kanthu, ndiye kuzizira kumene akunena bambo Mlangizi. Likakhala ndi banga lakuda kapena lofiirira lozungulira khosi, mwina ngala n'kuthyokera pomwepo, chimenecho ndi chiwawu, ndipo pa masamba mudzapezanso mabanga osongoka uku ndi uku ngati diso, pakati potuwa, m'mbali mofiirira. Ngala ikayera yonse mbee pakati pa zinzake zobiriwira, muikoke. Ikasololoka mosavuta, kumunsi kwake kutadyedwa, ndi mbozi ya mu tsinde. Makoko ophwanyika okhala ndi zoyera zouma kunja ndi mpheta zimene zinafinya mkaka. Izi n'zosiyana ndipo mankhwala ake ndi osiyana, koma popeta zonse zimauluka mofanana, n'chifukwa chake pa lichero simungadziwe chilichonse.

Kuti mudziwe kukula kwa vuto, pululani ngala 10 m'ndowa ya madzi. Zomira ndi mpunga, zoyandama ndi mphwepwa. Munda wabwino pa njere 100 zomira zimakhala 80 kapena kuposa. Masamu a zokolola ndi osavuta: mapando 25 pa sikweya mita, ngala 8 pa phando, ndiye ngala 200. Njere 100 pa ngala, ndiye 20,000. Njere 1,000 zodzaza zimalemera pafupifupi magalamu 25. Zikadzaza 80 pa 100 mupeza magalamu 400 pa sikweya mita, kumene kuli makilogalamu 1,600 pa ekala, matumba 32. Zikadzaza 20 pa 100 munda womwewo, ngala zomwezo, ukupatsani matumba 8. Mukuona kuti kusiyana kwa Bembeke ndi Mtakataka kungathe kukhala pa nambala imodzi yokhayi.

Za feteleza ndikugwirizana ndi bambo Mlangizi, ndipo ine ndingati chepetsani. Kilombero ndi Faya ndi mitundu yaitali, ya tsinde lofewa. Pa ekala thumba limodzi la NPK pasanathe sabata chiwokerereni, ndi yureya makilogalamu 20 mpaka 25 basi, pa nthawi imene kangala kayamba kupangika. Nthawiyo mumaidziwa pong'amba tsinde lalikulu ndi lezala kuchokera kumunsi: pamwamba pa mfundo yomaliza mudzaona kansonga koyera kaubweya, kotalika milimita imodzi kapena awiri. Thumba lathunthu la yureya ndi la mitundu yaifupi ngati Pussa ndi TCG 10, ndipo ngakhale pamenepo limagawidwa pawiri, theka ana akamaphuka, theka pa kangala. Yureya wochuluka amachedwetsa kumasula, ndiye kwanuko akukankhira mpunga m'kati mwa chisanu. Amafewetsanso masamba kuti chiwawu chilowe bwino, ndipo mmera wokhuta nayitrojeni umataya mungu wambiri kukazizira kusiyana ndi wodya mwa mlingo.

Nthaka nayo musaikhululukire msanga. Madambo a kumtunda kwa Dedza ndi Ntcheu, kuyambira Bembeke, Lizulu mpaka Tsangano, ambiri ndi a nthaka yowawasa, ndipo madzi ake amatuluka pansi atasenza chitsulo. Mukaona madzi ali ndi dzimbiri lofiira pansi ndi kanthu konyezimira ngati mafuta pamwamba, kenako masamba a m'munsi akuchita timadontho tofiirira kuyambira kunsonga mpaka tsamba lonse kukhala ngati lapsa, mizu yakuda kapena yofiira kwambiri, chimenecho ndi chitsulo chochuluka. Yureya sachiza. Chofunika ndi ngalande kumtunda kwa ndime yopatutsa madzi otumphuka pansiwo, kuumitsa ndime kwa masiku atatu kapena anayi ana akamaphuka kuti mpweya ulowe m'nthaka, ndi kubwezera phulusa la mapesi ndi la mankhusu m'munda chifukwa lili ndi potashi. Kumunsi ku makande vuto limakhala lotembenuka: nthaka siwawasa, ndipo chimasowa ndi zinki, mbande zimapinimbira milungu iwiri kapena inayi chiwokerereni, masamba kuchita mabanga ofiirira. NPK wa masiku ano wolembedwa 23:10:5+6S+1Zn ali ndi zinki pang'ono, wakale uja wa 23:21:0+4S analibe.

Maganizo anga, mundikhululukire achimwene, dambo la ku Bembeke likadapindula kwambiri ndi mbatatesi, kabichi kapena nsawawa, n'kugula mpunga kwa akumunsi ndi ndalama yake. Koma poti mtima uli pa mpunga, yesani monga anenera bambo aja.

Wakumtunda_Bembeke

Zikomo nonse awiri. Mitolo ya chaka chatha ilipo ina yosamenya, taiyang'ana. Makosi ambiri ndi oyera, ngala ziwiri kapena zitatu pa 20 ndi zimene zili ndi banga lakuda. Ngala zambiri sizinatuluke zonse. Dzimbiri m'madzi lilipo mbali imodzi yokha ya dambo. Funso lina: ena mwa ife ali ndi achibale ku Golomoti ndi ku Mtakataka ndipo akuganiza zokabwereka ndime kumeneko. Kodi kumunsi nyengo ilibe vuto, ungalime nthawi iliyonse bola madzi?

Mayi_wa_ku_Chigwa

Achimwene, makosi oyera ndi ngala zotsakamira, mlandu watha, ndi kuzizira. Koma musaganize kuti kumunsi kuno ndi ku paradizo. Walira mvula walira matope. Chigwa chili ndi misampha yake, ndipo waukulu ndi madzi, kuchepa kwake ndi kuchuluka kwake komwe.

Kutentha kumene kumakulitsa mpunga msanga ndi komwenso kumamwa madzi. M'miyezi yotentha ndime imataya mamilimita 6 mpaka 8 pa tsiku kupita m'mwamba, kuwonjezera olowa pansi. Pa makande opondedwa bwino kukhala matope olowa pansi ndi ochepa, mamilimita awiri kapena atatu. Pa nthaka ya mchenga amapitirira 10, ndipo ndime yotero musabwereke ngakhale akupatseni ulere. Sentimita imodzi ya madzi pa ekala ndi malita 40,000, madiramu 200. Nyengo yonse mpunga umafuna madzi okwana mamilimita 1,000 mpaka 1,500, amene mvula yokha ya m'chigwa nthawi zambiri sikwanitsa. Madzi athu ndi mvula yanu yomweyo ya kumapiri yotsika ndi Namikokwe, Nadzipulu, Livulezi ndi Bwanje. Sikimu ya Bwanje, ya mahekitala 800, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, imamwa mu Namikokwe. Kumtunda mitengo ikatha, mtsinje umabwera wonse tsiku limodzi ndi mchenga wodzaza ngalande, kenako mu Okutobala n'kutsala kamtsinje koti mwana adumphe. Nkhani ya zokolola za kumunsi imayambira kwanu komweko.

Posankha ndime yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba, ili pati pa ngalande. Ya kumapeto imalandira madzi mochedwa, ndipo chaka cha ng'amba ngati 2015/16 kapena 2023/24, pamene El Niño inadula mvula pakati pa dzinja, ndi imene imayamba kufa. Chachiwiri, ndi yosalala bwanji. Ndime yopendekeka ndi masentimita 10 okha imakhala mbali ina mbande zamira, mbali ina udzu wamera pouma. Dulani ndi migula ing'onoing'ono, salazani ndi thabwa madzi ali ochepa kuti madziwo akuonetseni pokwera ndi potsika.

Madzi akachepa, dziwani pamene mungamane mpunga ndi pamene simungayerekeze. Ana akamaphuka umapirira, nthaka ikhoza kuyamba timing'alu ting'onoting'ono kwa masiku ochepa osataya zambiri. Koma kuyambira pa mimba kufikira sabata imodzi utamasula, ndime isaume ngakhale tsiku limodzi, madzi akhale masentimita 5 kupita m'mwamba. Masamba akapindika pa nthawi yomasula, mphwepwa zake ndi zofanana ndi za ku Bembeke. Kusefukira nako kuli ndi malire: mpunga womira wonse masiku awiri kapena atatu m'madzi oyera umadzuka, koma m'madzi a matope kupitirira masiku anayi kapena asanu ambiri umafa, makamaka wongowokeredwa kumene ndi wa mimba. Choncho potulukira madzi n'pofunika mofanana ndi polowera.

Kilombero wa dzinja kuno amafesedwa mu Disembala, kuwokera mu Januwale. Mbewu makilogalamu 16 mpaka 20 pa ekala, nazale ya masikweya mita 200, mabedi a mita imodzi m'lifupi. Mbewu iyambe yaviikidwa m'madzi a mchere oti dzira laliwisi liyandame, zoyandama zitayidwe, zomira zitsukidwe bwino, zinyikidwe m'madzi abwino maola 24, kenako zifundikidwe m'thumba lonyowa tsiku limodzi kapena awiri mpaka timizu tioneke. Kuwokera pa masiku 21 mpaka 25, mbande ziwiri kapena zitatu pa phando, masentimita 20 uku ndi uku, kuzama masentimita awiri kapena atatu basi. Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi kusunga mbande masiku 40 kapena 50 podikira madzi kapena aganyu. Kilombero amakhululukako pang'ono poti ndi wochedwa, koma wochedwa kuwokera mpaka kumapeto kwa Febuluwale amapeza usana wafupika kale, mpunga n'kumasula uli ndi ana ochepa. Mitundu yofulumira ndiye sikhululuka n'komwe. Ngati mvula ikukayikitsa, fesani nazale ziwiri motalikirana milungu iwiri. Mbewu yotayika ndi yotsika mtengo kuposa munda wa mbande zokalamba. Ulosi wa a zanyengo umatuluka mvula isanayambe, umathandiza kusankha pakati pa Kilombero ndi mtundu wofulumira.

Tsopano za chilimwe, zimene mwafunsa kuti ungalime nthawi iliyonse. Ayi. Kilombero ndi Faya achotseni kaye m'maganizo, si nyengo yawo. Chilimwe n'cha Pussa, TCG 10 ndi ina yaifupi. Ndipo ngakhale kuno Juni ndi Julayi amazizira, mwera ukawomba usiku umatsikira ku madigiri 15 kapena 16. Mukafesa mu Epulo, mimba idzakumana ndi Juni kapena Julayi, mwabwerera ku mavuto a ku Bembeke. Mukafesa mochedwa, kumapeto kwa Ogasiti, kumasula kudzagwera mu Novembala. Maluwa a mpunga amatseguka m'mawa, cha m'ma 9 koloko mpaka masana, ndipo kutentha kukapitirira madigiri 35 pa maola amenewa timatumba ta mungu sititseguka bwino, mungu umauma, mphwepwa zabweranso. Pamenepo mtsinje waphwa, ndipo kukolola kudzakumana ndi mvula yoyamba. Khomo lake ndi lopapatiza: nazale kumapeto kwa Juni kufika pakati pa Julayi, kuvomereza kuti mbande zichedwa chifukwa cha kuzizira, kuti mimba igwere mu Sepitembala, kumasula kumayambiriro kwa Okutobala, kukolola Novembala asanafike pakati. Nazale ya nthawi yozizira muziidzaza madzi madzulo n'kuwachepetsa m'mawa kuti dzuwa lifunditse nthaka.

Amene wakwanitsa khomo limeneli madzi ali okwanira amakolola kuposa wa dzinja, mtundu womwewo, feteleza yemweyo. Chifukwa chake ndi dzuwa. Njere zimadzazidwa ndi kuwala kwa milungu isanu ndi umodzi yomaliza, ndipo Sepitembala ndi Okutobala alibe mitambo ngati Febuluwale ndi Malichi. Vuto ndi mbalame, poti nthawi imeneyo kutchire kulibe chakudya. Wokerani nthawi imodzi ndi anzanu oyandikana nawo. Ndime yokhwima yokha pakati pa zinzake zosakhwima imadyetsa mpheta za chigwa chonse.

Kutentha kumatsatira mpunga mpaka ku chigayo. Kolorani pamene njere 80 mpaka 85 pa 100 zasanduka zachikasu, masiku pafupifupi 30 chimasulireni, mutatulutsa madzi masiku 10 m'mbuyo mwake. Mpunga wosiyidwa kuumira m'munda umapsa masana n'kumwa mame usiku, njere zimang'aluka m'kati mosaoneka, ndipo ku chigayo zimatuluka zosweka. Ogula Kilombero amalipira njere yaitali yathunthu, wosweka amagula ngati wa phala. Poyanika chimodzimodzi: pa lona kapena mkeka, kukhuthala masentimita 4 kapena 5, kutembenuza ola lililonse, kuphimba dzuwa la masana likaswa mtengo, masiku awiri kapena atatu mpaka njere ilire poiluma. Thumba la makilogalamu 50 losapuntha losamalidwa bwino limatulutsa makilogalamu 30 mpaka 33.

Mlangizi_Wopuma

Mayi mwafotokoza bwino, ndingowonjezera pa za kutentha, poti anthu amayang'ana masana okha. Usiku wotentha nawo umadya zokolola mwakachetechete, chifukwa mmera umapuma mwamphamvu n'kuwotcha chakudya chimene unapanga masana. Akatswiri a bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Philippines anafalitsa mu 2004 zotsatira zoonetsa kuti m'nyengo ya chilimwe zokolola zinkatsika pafupifupi 10 pa 100 pa digiri imodzi iliyonse imene usiku unatenthera. Mpunga wokhwimira m'kutentha kwambiri umakhalanso ndi mimba yoyera ngati choko, umasweka msanga, ndipo fungo la mitundu yonunkhira limachepa. Kilombero amakoma chifukwa amakhwimira mu Meyi, kukuyamba kuzizirira koma mungu utagwira kale ntchito yake.

Pakati pa Bembeke ndi Mtakataka palinso malo ena amene sitinawatchule, madambo a mamita 900 mpaka 1,200, monga mbali zina za Linthipe ndi Diamphwe ku Dedza ndi madera ozungulira Ntcheu boma. Kumeneko mtundu wofulumira wofesedwa koyambirira kwa Disembala uli ndi mwayi woposa wa ku Bembeke, bola umasule Malichi asanafike pakati. Achimwene a ku Bembeke, musanagule mbewu ina gulani kachipangizo koyezera kutentha kamene kamasunga nambala yotsikitsitsa ya usiku. Kapachikeni m'dambo momwemo pa msinkhu wa mpunga, pansi pa kadenga ka udzu, osati pa khonde la nyumba. Lembani m'kope m'mawa uliwonse kuyambira Januwale mpaka Epulo. Sabata imene nambala yayamba kukhazikika pansi pa 17, bwererani m'mbuyo masiku 95 mpaka 100, kenako muchotsenso sabata ina yodzitetezera, ndilo tsiku lomaliza kufesa m'dambo limenelo. Likagwera mu Okutobala, bwerekani ndime ku Golomoti.